Dzenje la Malemu Pampando

Ine ndinachenjeza tsiku lomwe mpandowo unalowa m'shedi mwa amuna anga kuti mpando wa munthu wakufa sautsegula m'mimba, koma pakhomo pano mawu anga amamveka zinthu zitaonongeka kale. Woubweretsa anali a Wachiwiri, bambo woonda ngati ndodo ya ambulera, amene anthu amawatcha choncho chifukwa anakwatira mayi wamasiye wa kuseri kwa msika n'kukalowa m'nyumba ya malemu, ndipo tsiku limene anabwera kudzautenga ine ndinali pakhomo la shedi ndi beseni langa, ndikumasula ubweya ndi zala.

"Nawu," anatero amuna anga, akuvundukula chinsalu. Mawuwo anatuluka opindika chifukwa m'kamwa munali timisomali. Ndi mmene amagwirira ntchito: amakhuthulira timisomali m'kamwa, n'kumatikankha kamodzikamodzi ndi lilime kuti kanyundo ka maginito katole. Ndinawauza kale kuti tsiku lina adzayetsemula, ine ndidzatsala wamasiye wa munthu wodzaza zitsulo.

A Wachiwiri anauzungulira mpandowo manja ali kumbuyo.

"Ndi wokongola," anatero. "Nanga wanga uli kuti?"

"Ndi womwewu."

"Ayi. Wanga uli ndi dzenje."

"Unali nalo."

"Lapita kuti?"

"Ndalichotsa."

"Mwaliika pati? Ndilitenge."

Amuna anga analavulira timisomali m'dzanja kuti mawu apeze njira.

"Bambo, dzenje salisunga pa shelefu. Ndalikwirira."

"Ndinakupemphani kuti mulikwirire?"

"Simunandipemphe."

"Ndinati chiyani?"

"Munati ndisoke pamene pang'ambika, ndibweze sipuling'i yatulukayo, koma dzenje ndisalikhudze."

"Ndiye munamva."

"Ndinamva bwinobwino. Makutu anga alibe vuto. Kungoti zimene munanenazo zinali zopusa."

"Aa."

"M'shedi muno, chiyambire bambo anga, simunatulukepo mpando wokhala ndi dzenje. Anthu akauona panjira adzati chiyani? Adzati nkhalamba ija yatha."

"Sauona. Ndiuphimba ndi bulangete."

"Ine ndiziudziwa."

A Wachiwiri anakhala pa bokosi la zida. Ndinafuna kuwauza kuti m'menemo muli singano zazitali ngati mkono, koma anali atakhala kale.

"Amisiri, mwina simunamvetse. Dzenje lija si langa. Ndi la malemu, amuna oyamba a akunyumba. Analikumba okha, pang'onopang'ono, moyo wawo wonse wa m'banja. Tsiku limene ndinalowa m'nyumba muja, mayi anandilozera n'kunena kuti, 'Pampando apo pasakhale munthu.' Chilowere changa ndimakhala pa kasitulu."

"Ndiye anang'amba ndani?"

"Ine."

"Mutaimirira?"

"Nditakhala. Mayi anapita kukathandiza mwana wawo amene wabereka. Ndinatsala ndekha m'nyumba, mpandowo ukungondiyang'ana. Ndinati ndimveko zimene ankamva mnzanga."

"Munamva chiyani?"

"Sipuling'i."

Ine ndinagwira pakamwa. Adzukulu anga ndimawauza masiku onse kuti ukakhala wekha m'nyumba chinthu n'kuyamba kukuyang'ana, tuluka.

"Mayi akubwera lero, pa basi ya madzulo," anapitiriza a Wachiwiri. "Nyumba ndi yawo. Bedi ndi lawo. Changa m'nyumba muja ndi mswachi. Akapeza dzenje la amuna awo palibe, ine ndikagona kuti?"

"Muwauze kuti mwawakonzera mpando."

"Afunsa kuti unatani."

"Munene kuti unang'ambika."

"Afunsa kuti anang'amba ndani."

"Mphaka."

"Tilibe mphaka."

"Wa aneba."

"Wa aneba ndi wamakhalidwe, sakwera pamipando ya eni. Sindingamunamizire."

Amuna anga anapumira m'mwamba, kenako anamenya mpandowo ndi chikhatho. Unalira ngati ng'oma.

"Mukudziwa zimene ndinapeza m'kati umu? Siponji. Munthu wina wopanda manyazi anautsegulapo kale n'kuikamo siponji, ndipo inali itafumbutuka ngati buledi wakale. Pansi pake malamba odula ku tayala. Ndinazula zonse mpaka kutsala mtengo wokhawokha. Ndaluka malamba atsopano, ndawakoka mpaka kulira. Masipuling'i ndamanga imodziimodzi ndi chingwe cha khonje, mfundo zake za pamanja. Pamwamba pake chiguduli. Kenako ulusi wa makoko a kokonati, ndipo ndasokerera m'mphepete monse kuti mlomo wa mpando usagwe. Kenako ubweya wa kumchira wa hatchi, wochapa, wowiritsa, wopota, umene amake ana awa aumasula ndi zala zawo. Kenako thonje. Nsalu yokha ndabwezera yomweyo, chifukwa ndi yakale, ya nthawi imene nsalu zinali zisanaphunzire kunama. Mpando uwu mudzafa n'kuusiya uli chiimire."

"Hatchiyo ikudziwa?"

"Ikudziwa chiyani?"

"Kuti mchira wake uli umu."

Funso limenelo nanenso ndakhala ndikufunsa chikwatiwire. Munthu sungakhalire mchira wa chinyama chachikulu chotero tsiku ndi tsiku osadzamenyedwa theche.

"Amangoumeta, umameranso," anatero amuna anga.

"Chabwino. Ndiye dzenje likhala pamwamba pa thonje kapena pansi pa hatchi?"

"Silikhala paliponse. Ngati mukulifuna, kaitaneni mwini wake adzalikumbe."

A Wachiwiri anaganiza kanthawi, akuyang'ana kudenga.

"Sangabwere. Anamwalira."

"Ndikudziwa."

"Komanso anawathirira konkire pamwamba pa manda. Simenti yake ndinanyamula nawo ine. Nthawi imeneyo ndinkangothandiza ngati mneba, ndinalibe maganizo ena."

"Ndiye nenepani, mukhalepo zaka zonse zimene anakhalapo iwo."

"Basi ikufika madzulo ano, sindikwanitsa. Ndipo kunenepa ndinayesa kale. Mayi ankandidyetsa zonse zimene ankadya malemu, m'mbale yomweyo. Chinangokula ndi mphuno."

"Bambo, tangokhalanipo kaye, mumve chimene mukukana."

A Wachiwiri anakhalapo mwaulemu, ngati akupepesa. Mpando unawakankhira m'mwamba pang'ono. Anadzuka msanga n'kutembenuka kuti aone chimene asiya, koma pamene anakhala panali patadzuka nawo limodzi.

"Palibe chalembeka."

"Ubweya wa hatchi umenewo. Susunga munthu kumtima."

"Ndiyese modumpha?"

"Dumphani mpaka mutope."

Anadumphadi. Anabwerera mpaka pakhomo, ndipo ine ndinakoka beseni langa. Anathamanga n'kudziponya chammbuyo. Mpando unawalandira n'kuwabweza, anakaima ndi miyendo yawo pafupi ndi mulu wa ziguduli, tsitsi lawo lochepalo litaima. Ndinawauza kuti msana ndi umodzi, sagulitsa pamsika.

"Thupi landichepera," anatero akupuma mwawefuwefu. "Malemu anali ngati inu ndi ine pamodzi, kuwonjezerapo theka la agogowa."

"Ine musandiwerengere," ndinatero. "Ngakhale theka."

"Ndiye khalani inu, amisiri, ine ndikhale pamiyendo panu."

"Mwapenga?"

"Ngati mukuona kuti mpandowo ugonja, ndikumvetsa. Tisauvutitse."

Amuna anga amene aja, mukafuna kuti alowe m'chitsime, ingowauzani kuti sangakwanemo. Anavula chipewa n'kukhala. A Wachiwiri anati, "Zikomo," n'kukhala pamiyendo pawo, manja atapinda pachifuwa. Ine ndinakankha chitseko. Pamsewu pathu pamadutsa anthu amene amaona chinthu ndi diso limodzi n'kukachifotokoza ndi pakamwa ponse.

"Mukumva chilichonse?" anafunsa a Wachiwiri.

"Ndikumva mafupa anu. Akundibaya."

"Pendekerani kumanzere."

"Chifukwa?"

"Dzenje lija linapendekera kumanzere. Malemu ankapendekera kumeneko akafuna kutulutsa mpweya."

"Anakuuzani ndani zimenezo?"

"Mayi. Amati ndi ntchito yokhayo imene ankagwira m'nyumba osatumidwa."

Anapendekera kumanzere onse awiri, ngati anthu ali m'galimoto yokhota. Anakhala choncho mpaka mwendo wa amuna anga unachita dzanzi. Atadzuka, tonse atatu tinaweramira mpandowo. Unangopuma kamodzi n'kutukumukanso ngati mtanda wa buledi.

"Mwaona?" anatero amuna anga, nkhope ikuwala. "Bweretsani ndi abale anu onse."

A Wachiwiri anatola chisoti chawo n'kuchikungusa fumbi.

"Basi, ndamva. Simungathe."

"Sindikufuna. Kusafuna ndi kusatha n'zosiyana."

"Kwa ine n'chimodzimodzi, ndikagona panja basi. Koma musadandaule, amisiri. Si aliyense angathe. Malemu anali ndi luso."

"Luso?"

"Ee. Analibe nyundo, analibe singano, analibe hatchi. Anangogwiritsa ntchito zimene anabadwa nazo. Koma dzenje lake, munaliona nokha. Losalala. Lopanda msoko."

Ndinaona mtsempha wa pakhosi pa amuna anga ukudumpha. Ndinawauza kuti amwe madzi. Sanandimve.

"Ndipita kwa anyamata a siponji aja a m'mbali mwa msewu," anapitiriza a Wachiwiri, akuyesa kunyamula mpandowo. "Ndinamva kuti mipando yawo imachita dzenje yokha, osawapempha."

"Usiyeni."

"Amati sichedwa n'komwe."

"Ndati usiyeni mpandowo. Dzenje la siponji si ntchito, ndi ngozi. Limagwa paliponse ngati munthu woledzera. Mukufuna kuyerekeza zimenezo ndi dzenje lomanga? Lokhala ndi malamba pansi, mfundo m'mbali, loti lidzakhala dzenje mpaka adzukulu anu?"

"Ndilibe adzukulu. Ndi a malemu."

"Ndiye mpaka adzukulu a malemu. Ikani apa."

Anathiranso timisomali m'kamwa, kenako anatilavula, chifukwa anali ndi mafunso.

"Kuya kwake?"

"Beseni ngati la agogoli linkalowa lonse."

"Beseni ndi lozungulira. Munthu si beseni, ali ndi mbali ziwiri. Zinali zofanana?"

"Sindinaziyang'ane pafupi."

"Pamaliro simunaone?"

"Anagona chagada."

"Chithunzi chilipo?"

"Chilipo, koma anajambula kumaso."

"Anthu sadziwa kujambula zofunika," anatero amuna anga. "Ine sindigwira ntchito yongoganizira. Popanda muyeso palibe dzenje. Palibe chovala chawo chimene chinatsala?"

"Buluku."

"Lili kuti?"

"Ndavala lomweli. Mayi anangolipinda kumbuyo n'kusoka."

Amuna anga anawatembenuza ngati akutembenuza mpando. Kumbuyo kwa bulukulo kunalidi mpindo waukulu, wonenepa ngati mtsamiro.

"Vulani."

"Pamaso pa agogo?"

"Amake ana, yang'anani kukhoma."

Ndinayang'ana kukhoma, koma pakhomapo pali kagalasi kometera ndevu. Miyendo ngati imeneyo ndinaiona komaliza pa nkhuku yodwala. A Wachiwiri anadzikulunga chiguduli m'chiuno n'kuima pakona, akudzikanda. Ndinawachenjeza kuti chiguduli chatsopano chimayabwa malo amene munthu sangakande pagulu. Anati azindikira kale.

Amuna anga anasomola mpindo uja ndi kampeni. Bulukulo linatambasuka, n'kutambasukabe, mpaka linakwana thebulo lonse. Tinakhala chete pang'ono, ngati ulemu.

"Munthu anali uyu," anatero amuna anga.

Anamanga miyendo ya bulukulo ndi chingwe n'kuyamba kuthiramo ulusi wa kokonati, akusindikiza ndi chibakera. Pakati anaikamo thumba la mchenga kuti lilemere. Kumbuyo anaikako ubweya wanga womwe uja, umene ndinamasula kuyambira m'mawa, akuumba mbali iyi, kenako mbali iyo.

"Apa bwanji?"

"Onjezani kumanja."

"Munati simunaziyang'ane."

"Pafupi ayi. Koma ndinkawaona akudutsa. Akakhota pakona ya msika, iwo ankayamba kufika, zinazo zinkabwera pambuyo."

"Chonchi?"

"Pang'ononso. Eya. Ndi iwowo." A Wachiwiri anavula chisoti. "Muli bwanji, achimwene?"

Ndinawauza amuna anga kuti akafika m'chiuno alekere pomwepo, chifukwa munthu ukamubwezera miyendo, zotsalazo amakafuna yekha. Ndinasendeza kampando kanga kufupi ndi chitseko, kuti zikayamba kuyenda ndikhale woyamba kutuluka.

Kenako ntchito inayamba. Zimenezi ndiye sindingawanyoze, nkhalamba ija manja ili nawo. Anazula timisomali ta kutsogolo, anapindira nsalu kumbuyo, ananyamula thonje ngati akunyamula khanda. Anadula zingwe za masipuling'i a pakati n'kuwamanganso chofupikitsa, a kumanzere kuwapanikiza kwambiri. Anatenga singano yaitali ija n'kumakokera ubweya m'mbali, pang'onopang'ono, pakati n'kusiya kamzere kokwera. Kenako anasoka ndi singano yokhota, kulowetsa pamwamba, kutulutsa pansi, kukoka, mfundo.

"Bweretsani malemu."

A Wachiwiri anakumbatira bulukulo n'kulikhazika pampando, dzanja limodzi litagwira chiguduli chawo. Amuna anga anagwada n'kulowetsa chala pansi.

"Pali mpata kumanja. Nyamulani malemu."

"Pepani, achimwene. Kamodzi kokha."

"Musamawapepese, ndi kokonati."

"Ndikudziwa. Koma ndimakhala m'nyumba mwawo."

Anawanyamula, anawakhazika, anawanyamulanso. Thukuta linali kamukamu. Dzuwa linachoka pakhomo n'kukafika pazenera la kumbuyo. Ndinawauza kuti adye kaye, munthu wanjala amameza misomali. Anangopitiriza ntchito.

"Unkalira?" anafunsa amuna anga.

"Ndani?"

"Mpandowu. Mpando wa dzenje sukhala chete."

"Unkalira. Nditakhalapo unalira usanandibaye."

"Unkati bwanji?"

"Nyii."

"Nyii wamfupi kapena wautali?"

"Nyiii, kenako kho."

Amuna anga anagwedeza mutu ngati dokotala amene wamva matenda owadziwa. Analowetsa dzanja m'kati, anasendeza sipuling'i imodzi kuti izikhudza inzake, anaikapo kachidutswa ka mtengo. Anasindikiza ndi bondo.

Nyiii. Kho.

A Wachiwiri anagwira pamtima. "Amisiri, mwandiopsa."

"Sindinamalize."

Anabwezera thonje, anakoka nsalu, kanyundo kanayamba kuyenda kuchokera kukamwa kupita kumtengo, kukamwa, kumtengo, mpaka m'kamwa munatha. Anakhazikanso buluku lija komaliza, miyendo yake ikulendewera. Linakwana ngati dzira m'chisa. Chala sichinalowenso paliponse.

Ndi nthawi imeneyo pamene chitseko chinandikankha kumsana. Analowa mayi wamfupi wojintcha, chikwama chachikulu kudzanja, fumbi la basi likadali kumapazi. Anali akazi awo a Wachiwiri, ndipo analowa akumwetulira.

"Odi muno. Aneba andiuza ndikungotsika basi kuti bambo anyamula mpando uja kupita nawo kwa amisiri, ndiye ndati ndisafike n'kunyumba komwe, ndi..."

Anaima. Anayang'ana amuna awo ali m'chiguduli. Anayang'ana theka la amuna awo oyamba litakhala pampando, litapendekera kumanzere. Ine ndinakonzeka kuwagwira akamagwa, ngakhale ndinkadziwa kuti tigwera limodzi.

Sanagwe. Anaika chikwama pansi.

"Chotsanipo uyo."

A Wachiwiri ananyamula bulukulo n'kuima nalo ngati munthu wanyamula mwana wa eni. Mayi aja anasendera pafupi n'kusuzumira m'dzenjemo. Analowetsamo dzanja, anasisita kumanzere, anasindikiza.

Nyiii. Kho.

"Ndiye mpandowu wakhala kuno masiku onsewa," anatero, "amisiri simunauyambe n'komwe?"

Amuna anga anatembenukira kwa ine, maso atadzaza misozi. Sindinawaonepo choncho ngakhale tsiku limene ndinawaberekera mwana woyamba.

"Mwamva, amake ana? Akuti sindinauyambe."

"Ndamva," ndinatero. "Khalani pansi, mungagwe."

"Mayi," anatero a Wachiwiri, "dzenje lanu lilipo. Palibe chachoka. Onani, ngakhale kupendekera kwake."

"Dzenje langa? Ine ndabwera njira yonseyi ndikuimba. Ndimati lero ndapeza mwamuna. Zaka zonsezi ndikalowa pabalaza chinthu choyamba kundilonjera ndi matako a munthu uja. Ali moyo ndinkawaona, wamwalira ndikuwaonabe."

"Koma munati pasakhale munthu."

"Chifukwa wokhalapo sadzuka. Abusa atabwera kudzatipepesa maliro tinachita kuwazula anthu awiri, wina kumanja wina kumiyendo. Ndinkafuna kuti mlendo wina athyokere m'nyumba mwanga?"

"Simunanene zimenezo."

"Zonse ndizichita kunena? Ndimati munthu ali ndi maso, tsiku lina adzaona yekha kuti mpando wafuna kukonza. Inu n'kumaudutsa chowerama, n'kumaupukuta fumbi m'mawa uliwonse ngati manda."

"Ndinkati ndi ulemu."

"Ulemu kwa ndani? Mpandowu unali wa mayi anga. Munthu uja anaupeza uli bwinobwino n'kuukhalira mpaka kuumaliza, monga anachitira ndi china chilichonse changa." Anatola chikwama. "Tamverani, bambo. Mpando ndikuufuna. Dzenje sindikulifuna. Mukabwera opanda mpando, simulowa. Mukabwera ndi dzenje, mugona nalo pakhonde. Ndipo bweretsani kuno buluku limenelo, ndikukaliotcha."

"Nanga ine ndivala chiyani?"

"Mwavala kale."

Mayi aja anakoleka malemu paphewa, miyendo ikugunda kumsana, n'kutuluka. Ndinawakuwira kuti adutse njira ya kuseri, ana a sukulu angakomoke. Anadutsa pamsewu waukulu.

A Wachiwiri anakokera chiguduli chawo m'mwamba, anadzikanda, kenako nkhope yawo inayamba kumasuka.

"Amisiri, mwamva nokha. Zakhala bwino. Inu munalondola kuyambira pachiyambi. Likwirireni, mubwezere mmene unalili m'mawa muja."

Amuna anga anali atagwada patsogolo pa mpandowo, akusisita m'mphepete mwa dzenjelo ndi nsonga za zala.

"Amisiri? Kunja kukuda. Ndikupatsireni kampeni?"

"Mukakhudza kampeniko ndikudulani nako."

"Koma munati muno simutuluka..."

"Ndani wanena kuti utuluka? Mkazi wakhala ndi matako amenewo moyo wake wonse, wabwera, wayang'ana, wagwira ndi dzanja lake, osasiyanitsa ndi ntchito yanga. Inu mukuti nditenge mpeni ndiphwasule?"

"Nanga banja langa?"

Amuna anga anaphimba mpandowo ndi chinsalu, mofatsa, n'kukonza makona onse.

"Akazi amasiye alipo ambiri, bambo. Dzenje ngati ili ndi limodzi."